Chitseko Chimene Mkamwini Sanatsegule

Amene anagulapo ndowa pamsika wa Chiringa zaka zapitazi akuwadziwa a Wyson, mkulu woonda uja wogontha khutu limodzi chifukwa cha nyundo. Ankakhala pansi pa mango kumapeto kwa msika, chidutswa cha njanji pakati pa miyendo, n'kumakhoma malata kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndowa yawo inali ndowa, osati zibekete za masiku anozi zoti ukangoziyang'ana mwaukali zayamba kudontha. Lero pansi pa mango paja pakhala wogulitsa mayunitsi. A Wyson ali kumudzi kwa akazi awo ku Nazombe, ndipo atasiya nyundo ntchito imene inawatsalira inali imodzi yokha, kunyamula akazi awowo, a Rozaria.

Ndikunena kunyamula kwenikweni. M'mawa ankawachotsa pabedi kupita nawo pakhonde, kuchoka pakhonde kubafa, kuchimbudzi, n'kubwerera nawo. A Rozaria anafa mbali yonse ya kumanja, ndipo mawu onse anawathawa kupatula amodzi, akuti "eya". Vuto linali loti msana wa a Wyson unkatha, ndipo iwo eni ankadziwa kuti tsiku lina adzawerama n'kulephera kuweramuka. Chonsecho kungodutsa munda wa nandolo pali nyumba ya mkamwini wawo Cornelius, mwamuna wa mwana wawo Ethel, munthu wa mapewa ngati chitseko, woti thumba la mpunga amaliika panjinga ndi dzanja limodzi. Koma kwa nthawi yaitali Cornelius sankaponda pabwalo la apongozi ake. A Wyson anamuletsa, komanso asanamuletse n'komwe mwambo unali utamuletsa kale.

A Wyson kwawo ndi ku Kaduya. Ku Nazombe anabwera ali mnyamata kudzakwatira, monga amuna akuno timachitira, n'kumanga nyumba pamalo a akuchikazi. Mkamwini asamakule mwendo, ndipo iwo sanakule mwendo ngakhale pang'ono. Pa miyambo yonse, umene anaugwira ndi manja awiri unali wopewana ndi apongozi aakazi. Mkamwini ndi amayi a mkazi wake sadyera pamodzi, sayang'anana kumaso, salowerana m'chipinda. Akakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire, ndipo mayi amadziphimba kumaso ndi chitenje. Ngati pali choti auzane, amatuma munthu, kapena amalankhula atayang'ana kukhoma ngati akuuza khomalo. Mabanja ambiri mwambowu anaufewetsa kalekale. A Wyson ayi. Tsiku lina pothawa apongozi awo analumphira m'chitedze, nadzikanda mpaka khungu kusupuka, koma nkhani imeneyo ankaifotokoza pamsika monyadira ngati anapha nyalugwe. Ankati nkhope ya apongozi awo anaiona bwinobwino tsiku limodzi lokha, ali m'bokosi.

A Rozaria ankawaseka nazo zimenezi, koma nawonso mwambowu unali m'magazi. Anali mayi wa pakamwa posapuma. Ankagulitsa kalongonda wophika pamphambano, ndipo munthu wogula kapu imodzi ankachoka atamva za mudzi wonse. Madzulo a Wyson akabwera kumsika makutu akulira, ankapeza nkhani zitawadikira pakhonde, za kukwaya, za mbuzi ya uje, za mtengo wa nandolo.

"Amake Ethel, kodi pakamwa panupa palibe chitsekerero?" ankafunsa a Wyson.

"Nanga agonthi ngati inu mukudandaula chiyani? Mukumva theka lokha," ankayankha a Rozaria, n'kupitiriza pomwe analekezera.

Ethel ataphunzira unamwino, omufuna anachuluka, ena a nsapato zonyezimira. A Wyson onsewo ankangowayang'ana ndi diso limodzi. Koma tsiku lina ali kumunda anaona mnyamata akutsika ndi njinga atamanga thumba la makaka kumbuyo, ndipo kutsogolo kwake kunkabwera a Rozaria ndi mtolo wa nkhuni. Mnyamatayo atangowazindikira anakhotetsa njinga n'kugwera nayo m'ngalande, makaka mbwee, iye n'kukhala momwemo atazolika mpaka mayiwo atadutsa. Anali Cornelius, ndipo apo n'kuti atangoyamba kumene kumuyendera Ethel. A Wyson anafika kunyumba akumwetulira okha. "Uyu ndiye munthu," anatero, ndipo nkhani ya ukwati inathera pomwepo.

Patapita zaka Ethel anapeza ntchito pachipatala china chachikulu ku Joni, Cornelius n'kumutsatira, napeza yaulonda. Kumudzi kunatsala awiri okha, ndipo sizinali zoipa, poti a Rozaria pawokha ankadzaza nyumba.

Matenda anabwera mozemba. Tsiku lina a Rozaria akupeta nandolo, lichero linangopulumuka m'dzanja lamanja, kamwa n'kupotokera mbali imodzi, mawu n'kumatuluka osokonekera ngati a munthu woledzera. Asanathe n'kudabwa komwe, zinatha, iwo n'kuyamba kutola nandolo wawo akuseka. Ulendo wina diso lakumanzere linachita mdima kwa kanthawi. Ethel ndi mwamuna wake atabwera pa Khirisimasi n'kumva zimenezi, Ethel nkhope inagwa. Anati amenewo ndi machenjezo a sitiroko, ndipo amayi ake apita nawo ku Joni akawaunike bwino.

Asananyamuke, Ethel anagwada pafupi ndi bambo ake n'kupempha chinthu chimodzi.

"Bambo, nyumba yathu kumene kuja ndi yaing'ono, zipinda zoyang'anana. Amayi ndi a Cornelius akapewana bwanji? Tipheni nkhuku adyere mbale imodzi, manyazi athe, monga anachitira kwa a Zelifa."

A Zelifa ndi mng'ono wawo wa a Rozaria, ndipo akamwini awo amachita kuseka nawo pakhonde. A Wyson zimenezo zinkawanyansa.

"Mwambo si malaya oti kukatentha uvule," anayankha. "Ine ndinakwanitsa, iyenso akwanitsa."

Ethel anayang'ana amayi ake, koma a Rozaria anangoti zimene anena bambo ako ndi zomwezo. Nkhuku inapulumuka, ndipo anthu atatu ananyamuka, mpongozi kutsogolo kwa basi, mkamwini kumbuyo kwenikweni.

Ku Joni madokotala anapeza kuti mtsempha waukulu wa m'khosi, wa kumanzere, umene umapititsa magazi ku ubongo, unali utatsala pang'ono kutsekeka ndi mafuta. Ethel anawafotokozera bambo ake pafoni, akukuwa chifukwa cha khutu lija. Anati madokotala alowetsa kachubu kakang'ono ka waya wolukidwa ngati sefa, kudzera mumtsempha wa pantchafu mpaka kukafika m'khosi, ndipo kumeneko kakatambasuka n'kutsegula njira. Koma anati pali choopsa chimodzi. Ubongo umene wazolowera kulandira magazi pang'onopang'ono, njira ikatseguka mwadzidzidzi, nthawi zina timitsempha take timalephera kupirira n'kuphulika. N'chifukwa chake masiku oyambirira amayang'anira kwambiri kuthamanga kwa magazi, ndipo mutu ukangoyamba kuwawa kwambiri mbali yomweyo, munthu amayenera kuthamangira naye kuchipatala. A Wyson anamva bwinobwino. Iwo omwe ankauza anthu kuti ndowa yakale yozolowera madzi a theka usaidzaze tsiku limodzi, imasiya thako.

Opaleshoni inayenda bwino. A Rozaria atatuluka m'chipatala anaimba foni mawu ali gwaa.

"Abambo ake Ethel, andiika waya m'khosi. Tsopano ndasanduka ndowa yanu, ndikadontha mudzandikhoma nokha."

A Wyson anaseka mpaka kutsokomola. Tsiku limenelo anagula sopo wonunkhira n'kukamubisa m'sutikesi, kudikira mwini nyumba.

Tsiku la msika lotsatira, dzuwa lili pamutu, foni inaliranso. A Wyson anali akukhoma thako la ndowa, mwini ndowayo ataima pambali akugwedeza phazi. Anapanikiza foni ndi phewa.

"Abambo ake Ethel, mutu," anatero a Rozaria. Mawu awo anali aang'ono, osakhala awo. "Mbali ya waya ija. Ukugunda ngati mukuukhoma ndinu. Ndasanza kale."

"Ethel ali kuti?"

"Wabwerera kuntchito lero. Foni yake sikuyankhidwa. Anati ndikamva mutu ndiitane akamwini, ali kuchipinda kwawo, akugona poti anachezera kuntchito."

A Wyson anaika nyundo pansi. Mawu a Ethel aja anawakumbukira, asaname munthu kuti anaiwala. Koma m'maso mwawo munabwera chithunzi china, cha mkamwini ataima m'chipinda cha apongozi ake, apongoziwo ali chigonere, mutu wosavala mpango, beseni la masanzi pambali. Thupi lawo lonse linakana.

"Akamwini alowe kuchipinda kwanu, inu muli choncho?" anakuwa, poti munthu wogontha sadziwa kunong'ona. "Ayi. Imwani panado mugone. Dikirani Ethel, abwera posachedwa."

Kunamveka kubuula kwapansipansi.

"Chabwino, ndidikira," anatero a Rozaria.

Amati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. A Rozaria anamva m'mutu, koma chitseko sanatsegule, chifukwa amuna awo anati adikire. A Wyson anamaliza ndowa ija n'kuipereka kwa mwini wake. Mawu aja akuti "ndidikira" ndiwo anali omaliza kuwamva bwinobwino kuchokera pakamwa pa akazi awo.

Madzulo Ethel anaimba akulira. Magazi anali atakhetsekera mu ubongo. Madokotala anayesetsa ndipo moyo anaupulumutsa, koma anati akanafika nawo mutu utangoyamba, mwina akanatsitsa kuthamanga kwa magazi mtsempha usanaphulike. Anati mwina. A Wyson mawu akuti mwina amenewo anawasenza kuchokera tsiku limenelo, ndipo amalemera kuposa njanji yawo ija.

Patapita miyezi a Rozaria anabwera nawo kumudzi, atawonda, dzanja lamanja litapindikira pachifuwa. Abale anasonkhana pabwalo, ndipo a Jonasi, mlongo wawo wa a Rozaria amenenso ndi mwini mbumba, anafunsa kuti zinayenda bwanji. Cornelius anagwada patali n'kufotokoza atazolika. Anati anamva apongozi akusanza, anapita pakhomo la chipinda chawo, anatsokomola, n'kufunsa atayang'ana kukhoma kuti kodi kuchipindako kuli bwino. Apongozi anayankha kuti kuli bwino. Anaimbira Ethel kambirimbiri osayankhidwa, poti kuntchito kwawo foni amazisiya m'kabati. Anazungulirazungulira m'nyumbamo mpaka anamva chinthu chikugwa. Anagwira chogwirira cha chitseko, dzanja n'kukana. Anathamangira panja kukafuna munthu wamkazi woti alowe, koma masana kumeneko anthu amakhala ali kuntchito, ndipo anagogoda makomo ambiri asanapeze mayi wina. Pamene ankatsegula chitseko, apongozi anali pansi, osalankhula.

Amene anaimirira anali a Wyson.

"Munthu akubuula m'nyumba mwanu, inu n'kumayenda uku ndi uku ngati tambala?" anatero. "Mphamvu zonsezo n'zonyamulira mpunga basi? Pabwalo panga pano musapondepo."

Cornelius anadzuka n'kuchoka pabwalopo. Za foni ya pamsika ija a Wyson sanatchule, ndipo munthu yekhayo amene ankaganiza kuti akanawatsutsa anali atakhala pampando pambali pawo, dovu likutsika, akungoti eya. Kunena zoona, uku kunali kuipa mtima. Koma munthu akathedwa nzeru ndi mlandu wake amafuna phewa loti autulirepo, ndipo la Cornelius linali lalikulu.

Ethel anabwerera ku Joni, poti mankhwala a amayi ake amachokera m'manja mwake. Cornelius anakana kubwerera. Anati atsala azilima minda ya apongozi, ndipo anakhala yekha m'nyumba yawo ija kuseri kwa nandolo. M'mawa uliwonse a Wyson ankapeza zigubu za madzi ndi mtolo wa nkhuni pansi pa nthochi za m'malire. Ankatenga osathokoza. Akamwini awiri, onse alendo pamudzi wa eni, aliyense ankadya yekha, utsi wa makhitchini awo n'kumakumana m'mwamba.

Masiku oyambirira anthu ankabwera. Akwaya anadzaimba, a kumpingo anadzapemphera, ogula kalongonda anadzazonda. Koma kucheza ndi munthu wosayankha kumatopetsa, ndipo pang'ono ndi pang'ono njira ya kwa a Wyson inamera udzu. A Zelifa okha ndi amene ankabwera kudzasambitsa mkulu wawo akapeza mpata, nawonso miyendo ikuwavuta. A Wyson anayesa kukhomera ndowa pakhomo kuti manja asaiwale, koma nyundo itangolira a Rozaria anagwira mutu ndi dzanja lamanzere n'kuyamba kulira. Nyundo anaikulunga m'thumba n'kuiponya pansi pa bedi.

Chete wa m'nyumba imeneyo anali wowawa. Munthu amene kwa zaka zonse ankapempha chitsekerero tsopano ndiye ankalankhula yekha tsiku lonse. Ankawauza akazi awo za mbuzi ya uje ndi mtengo wa nandolo, koma nkhani sankazitha, zinkathera panjira. Nthawi zina ankagwada patsogolo pawo n'kudziloza pachifuwa.

"Amake Ethel, ine ndine yani?"

"Eya."

"Dzina langa, tchulani. Ngakhale munditi agonthi, ndilola."

"Eya."

Ankawaonetsa chithunzi cha Ethel, ankawayambira nyimbo za kukwaya, ankawayambira pemphero loti amalize okha. Zonse zinali zitakokoloka. Chimene a Wyson ankalakalaka kuposa chakudya chinali kumva dzina lawo kamodzi kokha kuchokera pakamwa paja. Sopo wonunkhira uja anamutulutsa m'sutikesi n'kumawasambitsira, mpaka anatha.

Msana unayamba ngati nthabwala, kulasa pang'ono akamaweramuka. Kenako unayamba kutsikira m'mwendo. A Zelifa anawauza maso ndi maso kuti alamu, mudzagwa naye munthuyu, itanani akamwini azikuthandizani. A Wyson anati bola kufa. A Zelifa anati kufa kwanu si nkhani, nkhani ndi ya mkulu wanga, n'kumenyetsa chitseko.

Tsikulo linafika m'mwezi wa Okutobala, kukutentha koti ngakhale nkhuku zinali kukamwa yasaa pansi pa nkhokwe. Mudzi wonse unali utapita ku ukwati ku Chiringa, a Zelifa ndi a Jonasi omwe. Cornelius yekha ndiye anatsala, poti chibwerereni ku Joni sankapita pagulu, anthu ankamulozerana ndi milomo. Khasu lake linkamveka kumunda, akugalauza mizere.

Chakumasana a Rozaria anadziipitsira, ndipo panalibe kuchitira mwina koma kuwasambitsa. A Wyson anawabereka mpaka kubafa la udzu kuseri kwa nyumba, anawakhazika pakampando, anawasambitsa, n'kuwakulunga chitenje. Pamene anawerama kuti awanyamule, msana unangoti the, ngati nthambi youma. Miyendo inatha mphamvu ndipo onse awiri anagwa. A Rozaria anagwera pamiyala yonyowa, dzanja lakufa lija litapanikizika pansi pa thupi, tsaya lili m'matope a sopo. A Wyson anagwera kukhomo la bafa. Anayesa kudzuka, ululu unawabweza. Anakwawa, anagwira akazi awo paphewa n'kukoka, koma thupi la munthu wakufa ziwalo limalemera ngati lanyowa ndi mvula. Dzuwa linali likuwathira moto pamutu.

A Rozaria anayamba kubuula, kubuula kwapansipansi. A Wyson anakuzindikira kubuula kumeneko, anakumvapo pafoni pansi pa mango.

"Pepani, amake Ethel," anatero akupuma movutika. "Limbani mtima. Tidikire a Zelifa, abwera posachedwa."

Atangotero anadzimva okha. Anakhala kukamwa kuli yasa, akuyang'ana nkhope ya akazi awo m'matopemo. Mawu omwe aja, munthu yemwe uja, ndipo kuseri kwa mpanda munthu wamphamvu yemwe uja. Manyazi anawagwira, koma sanali manyazi a mwambo. Anakokera chitenje bwinobwino pathupi la akazi awo, anadzaza mpweya m'chifuwa, n'kukuwa ndi mawu onse a munthu wogontha.

"Akamwini! A Cornelius!"

Khasu linasiya kulira. Kunamveka mapazi akuthyola mapesi, kudutsa nthochi za m'malire, kudutsa bwalo loletsedwa lija, n'kudzaima kuseri kwa udzu wa bafa. Kenako kunamveka kutsokomola.

"Kodi kubafako kuli bwino?" anafunsa Cornelius, atayang'ana kumbali.

"Sikuli bwino," anayankha a Wyson. "Lowani."

"Bambo, muli amayi mmenemo."

"Ndikudziwa amene alimo. Ndati lowani, mwana wanga. Anyamuleni."

Cornelius analowa chammbali, maso ali pansi, thukuta likuyenderera. A Rozaria atangoona mapazi ake, kubuula kunaleka. Dzanja lawo lamanzere linafufuza m'matopemo, linapeza nsonga ya chitenje, n'kuikokera kumaso mpaka nkhope yonse inabisika. A Wyson anaona zonsezo. Mayi amene anaiwala pemphero, nyimbo ndi dzina la mwana wake, izi zokha sanaiwale.

Cornelius anawanyamula ngati mwana, nkhope atatembenuzira kumbali, n'kukawagoneka pabedi. Anabwerera kubafa, anagwada, n'kuwauza a Wyson kuti agwire m'khosi. Nkhalamba inaberekedwa ndi mkamwini wake kudutsa pabwalo lake lomwe. Mwina n'chifukwa choti pamsana pa munthu suona nkhope yake, pakuti mawu amene anakanika kutuluka pamaso pa abale anatulukira pamenepo.

"A Cornelius, tsiku lija amayi anu anandiimbira foni. Anandiuza za mutu. Ankafuna kukuitanani, ndinawaletsa ndine."

Cornelius anapitiriza kuyenda nawo.

"Ndinamva, bambo," anatero kenako. "Foni ya amayi imakhala pa sipika, ndipo makoma a nyumba ija ndi opyapyala. Mawu anu ndi amene anandidzutsa."

"Ndiye bwanji simunanene pabwalo paja, ine ndikukunyozani?"

"Mukanakhala bwanji pamudzi pano? Inu ndi ine kwathu si kuno. Akanakuthamangitsani, amayi akanatsala ndi yani?" Anawatsitsa pang'onopang'ono pamphasa ya pakhonde. "Komanso chitseko chinali m'dzanja langa, osati lanu."

A Wyson analira. Sanalire pamene Ethel anaimba foni, sanalire pamene akazi awo anatsitsidwa m'galimoto, koma apa analira ngati mwana, ndipo Cornelius anapita kukatola beseni kubafa kuti asawaonerere.

Msana utayamba kulola, patapita masiku, a Wyson analoza tambala wofiira amene ankasungira Khirisimasi n'kumuuza Cornelius kuti amugwire. Anaitana a Zelifa ndi a Jonasi kuti akhale mboni, ndipo pamaso pawo ananena zonse za foni ija. A Jonasi anapukusa mutu nthawi yaitali, koma a Zelifa anati za milandu zidikire, mpunga ukuzizira. Anayala mphasa pakhonde, anaika mbale imodzi ya mpunga ndi nkhuku pakati, a Rozaria atatsamira khoma mbali iyi, Cornelius atakhala mwaulemu mbali inayo. Nkhuku imene Ethel anapempha ija inaphedwa tsopano, madzi atatayika kale.

A Rozaria anali atadziphimba kumaso chikhalireni Cornelius pamphasapo. A Wyson anasendera pafupi, anatapa mpunga pasupuni, n'kugwira nsonga ya chitenje mofatsa.

"Amake Ethel, vundukulani. Zija zatha. Uyu ndi mwana wathu, idyani naye."

Anakoka pang'ono. Dzanja lamanzere lija linagwira chitenje mwamphamvu zoti a Wyson sanaziyembekezere. Anakokanso, ndipo kuseri kwa nsaluyo milomo inayamba kugwedera, ikulimbana ndi chinachake cholemera. A Wyson anasendeza khutu lawo labwino lija. Chibwerereni ku Joni pakamwa pamenepo panali pasanatuluke mawu ena koma eya.

"A... akamwini," ananong'ona a Rozaria, mowachenjeza, monga ankachitira kale akaona mkamwini akubwera panjira.

A Zelifa anayang'ana kumunda. A Wyson anasiya chitenje chija pang'onopang'ono. Mawu anali atabwera ndithu, koma silinali dzina lawo, chinali chinthu chimene iwo omwe anachilimbikira moyo wawo wonse.

Cornelius anatapa mpunga pang'ono m'mbale ina n'kupita nawo kuseri kwa nyumba. Atangozimiririka, a Rozaria anatsitsa chitenje n'kutsegula pakamwa, ndipo a Wyson anawadyetsa.

Mpaka lero Cornelius amabwera m'mawa uliwonse. Amatsokomola pakhomo, a Rozaria amakokera chitenje kumaso, iye amalowa n'kuwanyamula nkhope atatembenuzira kumbali, a Wyson akutsatira pambuyo ndi ndodo ndi kampando. Akatha amabwerera kumunda. A Wyson amatsala pakhonde ndi akazi awo, amagwada movutika, amadziloza pachifuwa n'kufunsa funso lawo lija, ndipo a Rozaria amawayang'ana mokoma mtima n'kuyankha kuti eya.